Mountain ash: mitengo yosiyana kotheratu imene ikugawana dzina limodzi

Kuyambira m'chaka cha 2012, pamene matenda oumitsa mitengo ya ash anapezeka koyamba ku Britain, anthu ambiri kumeneko amene ali ndi kamtengo kobala zipatso zofiira pakhomo akhala akuda nkhawa kuti nakonso kauma, popeza kamtengoko, kamene kamadziwika kwambiri ndi dzina loti rowan, kamatchedwanso mountain ash. Nkhawa yomweyo ilinso ku United States ndi ku Canada, kumene kachilombo kobiriwira kochokera ku Asia kapha mitengo ya ash mamiliyoni ambirimbiri kuchokera pamene kanadziwika m'chaka cha 2002. Kenaka pa 1 Januwale 2024 boma la chigawo cha Victoria ku Australia linasiya kudula mitengo yachilengedwe m'nkhalango zake, ndipo nkhani zofotokoza zimenezi zinkatchula mountain ash ngati chimtengo chotalika mamita 80 kapena 90. Mmalawi amene akukhala ku Glasgow kapena ku Leeds, yemwe amaona rowan m'mbali mwa misewu tsiku ndi tsiku, ali ndi chifukwa chomveka chodabwira kuti zingatheke bwanji mtengo umodzi kukhala waung'ono chotere ku Ulaya koma n'kukhala chimphona ku Australia.

Gwero la chisokonezochi ndi dzina basi. Liwu loti ash m'dzinali silikunena phulusa, ngakhale limalembedwa chimodzimodzi ndi liwu la Chingelezi lotanthauza phulusa. Ndi dzina lakale la mtengo wina waukulu wa ku Ulaya, ndipo mitengo yotchedwa mountain ash inangobwerekedwa dzinalo chifukwa anthu anaona kuti ikufanana nawo penapake, wina pa masamba, wina pa matabwa. Palibe ndi umodzi womwe umene umamera mwachilengedwe ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, n'chifukwa chake ilibe mayina a Chichewa, komabe ina mwa iyo ili ndi abale amene timawadziwa bwino kwathu kuno.

Mmene akatswiri amaonera ubale wa mitengo

Akatswiri a zomera amapatsa mtengo uliwonse dzina la Chilatini la mawu awiri, njira imene inakhazikika ndi ntchito ya Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1753. Liwu loyamba limatchula gulu la mitengo yapachibale chenicheni, lachiwiri limatchula mtundu weniweniwo, ndipo magulu angapo ochokera kukholo limodzi amapanga banja. Pofufuza ubale, akatswiriwa amayang'ana kwambiri kapangidwe ka duwa ndi chipatso, ndipo masiku ano amayezanso DNA, imene ndi malangizo a chibadwa osungidwa m'maselo a chamoyo chilichonse. Masamba sawadalira kwenikweni, chifukwa mitengo yopanda ubale imatha kukhala ndi masamba ofanana.

Tikatsatira njira imeneyi, rowan ndi Sorbus aucuparia, wa m'banja la Rosaceae, momwe mulinso maluwa a rozi, maapozi, sitiroberi ndi mapichesi ngati amene amalimidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ash weniweni wa ku Ulaya ndi Fraxinus excelsior, wa m'banja la Oleaceae, lomwe ndi banja la mtengo wa azitona. Mountain ash wa ku Australia ndi Eucalyptus regnans, wa m'banja la Myrtaceae, kutanthauza kuti ndi bulugamu ndithu, ndipo gwafa ndi m'bale wake wapafupi kuposa mmene rowan alili.

Chizolowezi chopatsa mitengo yachilendo mayina a mitengo yakwawo chinali chofala pakati pa Angelezi kulikonse kumene anafika. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, Widdringtonia whytei, umatchedwa cedar m'Chingelezi chifukwa cha fungo ndi kulimba kwa matabwa ake, pamene mitengo yeniyeni ya cedar, monga ya ku Lebanon, ili m'banja lina.

Rowan, kamtengo kolimba ka kumapiri ozizira

Rowan amamera pafupifupi ku Ulaya konse, kuchokera ku Iceland ndi ku Britain kudutsa Russia mpaka kumpoto kwa China. Kawirikawiri satalika kupitirira mamita 15, makungwa ake ndi osalala ndi otuwa, ndipo tsamba lililonse limakhala ndi timasamba tating'ono tokhala ndi mano m'mphepete, tondandalikana awiriawiri pa kaphesi kamodzi ndi kena kamodzi kunsonga. Tsamba limeneli ndi limene linachititsa anthu kumuyerekeza ndi ash. Mbali ya dzina yonena za phiri ndi yoona ndithu, chifukwa ku Scotland rowan amapezeka pamalo okwera pafupifupi mamita 1,000, pamene mitengo ina yambiri imalephera, ndipo m'mapiri a Alps amafika cha m'ma mamita 2,000. Amapirira chisanu, mphepo yamphamvu ndi nthaka yosauka ya asidi, ngakhale sakhala zaka zambiri poyerekeza ndi mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango.

M'miyezi ya Meyi ndi Juni mtengowu umachita timaluwa toyera tambirimbiri tounjikana m'magulu, ndipo fungo lake lamphamvu limakopa njuchi, ntchentche ndi tizilombo tina tonyamula mungu. Pofika Ogasiti mpaka Okutobala timaluwato timakhala titasanduka zipatso zofiira kapena zofiirira ngati lalanje, zosakwana sentimita imodzi kukula kwake, zolendewera m'mitsonga ikuluikulu. Munthu akadula chipatso chimodzi pakati amapeza timagawo ta njere tofanana ndi ta apozi, ndipo kunsi kwake kuli kachizindikiro kooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu, komwe ndi kotsalira ka duwa.

Moyo wonse wa rowan umadalira mbalame. Mbalame zikameza zipatso zimagaya mnofu wokha, njere n'kukazitaya kutali pamodzi ndi zitosi, ndipo njerezo zimafuna kudutsa m'nyengo yozizira kwambiri zisanamere. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtengowu sungachitire bwino m'madera otentha. Chifukwa cha mbalamezo rowan amatha kumera m'ming'alu ya matanthwe, pamakoma akale, ngakhale paphanda la mtengo wina pamene masamba owola aunjikana. Dzina la Chilatini loti aucuparia linachokera ku ntchito yotchera mbalame, popeza alenje a ku Ulaya ankagwiritsa ntchito zipatsozi ngati nyambo m'misampha yawo.

Chosangalatsa kwambiri pa mtengowu, m'kuona kwanga, ndi kusinthasintha kwa kabalidwe kake. Zaka zina mitengo ya dera lonse imabala mpaka nthambi kupindika, zaka zina imangolawitsa, ndipo kusinthaku kumakhudza zamoyo za kutali. Zipatso zikasowa ku Scandinavia ndi ku Russia, mbalame zotchedwa waxwing zimawoloka nyanja mwaunyinji n'kukafika ku Britain, kumene anthu amaziona zitadzaza mitengo ya rowan ya m'misewu ndi m'malo oimika magalimoto. Ku Norway ndi ku Sweden alimi a maapozi amayang'anitsitsa kabalidwe ka rowan chifukwa cha kagulugufe ka usiku kotchedwa Argyresthia conjugella, kamene mphutsi zake zimakulira m'zipatso za rowan. Chaka chimene rowan wabala bwino kagulugufeka sikavutitsa minda, koma chaka chimene sanabale kamathamangira kukaikira mazira pa maapozi, ndipo mbewu zimawonongeka kwambiri. Motero kuwerengera maluwa a rowan kumathandiza alimi kudziwa ngati chaka chimenecho m'pofunika kuthira mankhwala.

Mdani wamkulu wa rowan ndi nyama zodya masamba. Nkhosa ndi agwape zimakonda mphukira zake kuposa za mitengo ina yambiri, moti m'mapiri a ku Scotland, momwe nyamazi zachuluka kwa zaka mazana, rowan anatsala m'malo okhawo amene pakamwa pa nyama sipafika. M'chigwa cha Carrifran, kummwera kwa dzikolo pafupi ndi tauni ya Moffat, munatsala mitengo yowerengeka chabe, ndipo umodzi mwa iyo unali rowan woima yekha m'mbali mwa kamtsinje. Bungwe la Borders Forest Trust litagula chigwacho m'chaka cha 2000 linachotsamo ziweto n'kubzala mitengo yoposa theka la miliyoni, ndipo rowan uja, amene tsopano wazunguliridwa ndi nkhalango yatsopano, anasankhidwa kukhala mtengo wa chaka ku Scotland mu 2020.

Zipatso zowawa zimene zinapatsa dziko mankhwala osungira chakudya

Zipatso za rowan zosaphika n'zowawa ndiponso zimakhakhalitsa m'kamwa, ndipo munthu akadya zambiri amamva kupotokola m'mimba, kusanza ndi kutsegula. Chimachititsa zimenezi ndi asidi wotchedwa parasorbic. Kutentha kumamusintha asidiyu kukhala asidi wa sorbic, amene alibe vuto m'thupi, n'chifukwa chake anthu a kumpoto kwa Ulaya amaphika zipatsozi asanadye, monga mmene ife timaviikira chinangwa chowawa tisanachisinje kukhala ufa wa kondowole, ngakhale poizoni wa m'chinangwa ndi wa mtundu wina ndiponso woopsa kwambiri. Ku Scotland amapanga jamu wowawasa amene amadyera nyama ya gwape, ndipo ku Poland, ku Austria ndi ku Russia amathira zipatsozi m'zakumwa zaukali. Kale zinalinso njira yopezera vitamini C m'miyezi yozizira pamene zipatso zina kulibe. Cha m'ma 1810 m'mapiri a Jeseníky, omwe lero ali m'dziko la Czech Republic, munapezeka rowan wobala zipatso zosawawa kwambiri, ndipo alimi anamufalitsa pomezanitsa nthambi zake pa mitengo ina.

Asayansi a m'zaka za m'ma 1800 anachita chidwi ndi madzi a zipatsozi. M'chaka cha 1852 Théophile-Jules Pelouze wa ku France anapezamo mtundu wa shuga umene unatchedwa sorbose. Mu 1859 August Wilhelm von Hofmann wa ku Germany anapeza asidi wa sorbic kuchokera ku mafuta a zipatso zosapsa, ndipo mu 1872 Joseph Boussingault, nayenso wa ku France, anapeza sorbitol, chinthu chotsekemera chimene thupi limachigaya pang'onopang'ono. Mayina atatu onsewa anachokera ku dzina la gulu la mtengowu, Sorbus.

Phindu lenileni la asidi wa sorbic linadziwika patapita zaka pafupifupi 80, pamene kunapezeka kuti amaletsa nkhungu ndi yisiti kukula m'chakudya. Lero asidiyu, pamodzi ndi mchere wake wotchedwa potassium sorbate, ali m'gulu la mankhwala osungira chakudya ogwiritsidwa ntchito kwambiri padziko lonse, ndipo amene amawerenga zolemba za pa botolo la juwisi kapena pa chigubu cha majarini m'magolosale athu angathe kuona dzinali, kapena nambala zake E200 ndi E202. Sorbitol naye, amene nambala yake ndi E420, amapezeka m'mankhwala otsukira mano, m'mankhwala amadzi a chifuwa ndi m'maswiti opanda shuga. Tiyenera kumvetsa kuti zinthu zimenezi sizichokeranso ku mtengo wa rowan masiku ano. Asidi wa sorbic amapangidwa m'mafakitale kuchokera ku mankhwala ena, ndipo sorbitol amapangidwa kuchokera ku shuga wotengedwa m'chimanga ndi mbewu zina.

Mtengo woteteza pakhomo

Ku Scotland, ku Ireland, ku Wales ndi ku Scandinavia anthu akale ankakhulupirira kuti rowan amathamangitsa mfiti ndi mizimu yoipa. Ankamubzala pafupi ndi khomo la nyumba, ankamanga timitengo take tiwiri mopingasa ndi ulusi wofiira n'kupachika pamwamba pa chitseko kapena m'khola la ng'ombe, ndipo ena ankasema mtengo wopukusira mkaka kuchokera ku rowan poopa kuti batala angalodzedwe. Pa chilumba cha Isle of Man mtanda woterewu unkapangidwa usiku wolowa mwezi wa Meyi, popanda kugwiritsa ntchito mpeni, ndipo unkamangidwa ndi ubweya wa nkhosa. Ku Wales ankamubzala m'manda a pa tchalitchi. Rowan womera paphanda la mtengo wina ankaonedwa kuti ndi wamphamvu koposa chifukwa mizu yake sinakhudze nthaka. M'nthano zakale za anthu a ku Scandinavia, mulungu wawo Thor anapulumuka m'mtsinje wosefukira pogwira nthambi ya rowan.

Akatswiri a mbiri ya miyambo amaganiza kuti kufiira kwa zipatso ndi kachizindikiro ka nyenyezi kaja zinathandiza kukulitsa chikhulupiriro chimenechi, popeza zonse ziwiri zinkatengedwa ngati zoteteza. Mpaka lero alipo anthu m'mapiri a ku Scotland amene sangalole kudula rowan, ndipo pa mabwinja a midzi imene eni ake anasamutsidwa m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 mtengowu umapezeka utaima pafupi ndi miyala ya nyumba zogumuka.

Abale a rowan ku America ndi ku Asia

Ku North America dzina loti mountain ash limanena abale enieni a rowan, makamaka Sorbus americana ndi Sorbus decora, amene amamera kummawa kwa Canada ndi m'mapiri a Appalachian. Amafanana kwambiri ndi rowan wa ku Ulaya pa masamba ndi zipatso, ndipo nyama zikuluzikulu zotchedwa moose zimakonda makungwa ndi nthambi zawo. Ku Newfoundland amatchedwa dogberry, ndipo anthu amati akabala kwambiri ndiye kuti kukubwera nyengo yozizira yoopsa. Mitundu yochuluka kwambiri ya gululi ili kumadzulo kwa China ndi m'mapiri a Himalaya, kumene ina imabala zipatso zoyera kapena zapinki, ndipo ndi imeneyi imene imakongoletsa mapaki ambiri a ku Ulaya.

Gulu la Sorbus limawavuta ngakhale akatswiri enieni, chifukwa mitundu yake imakwatirana mosavuta, ndipo ana obadwa mwanjira imeneyo amatha kubala njere zomera popanda kulandira chibadwa cha mtengo wina, motero mtengo uliwonse watsopano umakhala chimodzimodzi mayi wake. Pa chilumba cha Arran ku Scotland pali mitundu itatu imene inabadwa chonchi ndipo sipezeka mwachilengedwe kwina kulikonse padziko. Mu 2017 akatswiri ena anapereka ganizo logawa gululi m'magulu angapo, kusiya dzina la Sorbus kwa rowan ndi abale ake a timasamba tondandalikana, ndipo mabuku ena atsatira ganizoli pamene ena akugwiritsabe ntchito kasanjidwe kakale.

Ash weniweni ndi matenda ake

Ash wa ku Ulaya ndi mtengo waukulu wofika mamita 35, wa matabwa olimba koma opindika osathyoka, amene kwa zaka mazana akhala akusemedwa mipini ya zida, nkhafi, mawilo a ngolo ndi ndodo zosewerera masewera a hurling ku Ireland. Kumusiyanitsa ndi rowan n'kosavuta munthu akadziwa poyang'ana. Masamba a ash amatuluka awiriawiri moyang'anizana pa nthambi, pamene a rowan amatuluka limodzilimodzi mosinthana mbali. Maso ophukira a ash ndi akuda bii, maluwa ake alibe timasamba tokongola chifukwa mungu wake umayenda ndi mphepo, ndipo m'malo mwa zipatso zamnofu amabala njere zouma za phiko limodzi zimene zimauluka ndi mphepo.

Matenda amene akuumitsa mtengowu amayamba ndi kabowa kotchedwa Hymenoscyphus fraxineus, kochokera kummawa kwa Asia, kumene kamakhala pa mitundu ya ash ya kumeneko popanda kuipweteka kwenikweni. Ku Ulaya zizindikiro zake zinaoneka koyamba ku Poland cha m'ma 1992, ndipo ku Britain kanatsimikizika mu 2012 pa mbande zimene zinaitanitsidwa kuchokera ku Netherlands. Kabowaka kamakhala m'timaphesi ta masamba ogwa pansi, ndipo m'nyengo yotentha kamatulutsa timbewu tosaoneka ndi maso timene mphepo imatinyamula kupita pa masamba amoyo. Kuchoka pa tsamba kamalowa m'nthambi n'kutseka njira zamadzi, mtengo n'kuyamba kuuma kuchokera kunsonga. Kafukufuku wotsogozedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford mu 2019 anayerekeza kuti matendawa adzawonongetsa dziko la Britain ndalama zokwana mapaundi 15 biliyoni. Mitengo yochepa ikuoneka kuti ikupirira, ndipo chiyembekezo cha akatswiri a nkhalango chagona pa imeneyo.

Ku North America vuto ndi kachilombo kotchedwa emerald ash borer, kamene kanapezeka koyamba pafupi ndi mzinda wa Detroit ku United States ndi ku Windsor ku Canada, tsidya lina la malire. Mphutsi zake zimadya mnofu wa pansi pa khungwa momwe mumayenda chakudya cha mtengo, ndipo tinjira timene zimaboola tikazungulira thunthu lonse mtengo umafa m'zaka zochepa.

Kabowa kaja ndi kachilomboka sizigwira rowan kapena abale ake a ku America. Rowan ali ndi matenda ake, monga fire blight, amene amayamba ndi bakiteriya ndipo amagwiranso maapozi, zomwe zikugwirizana ndi banja lake lenileni. Chowonjezera chisokonezo n'chakuti ku Texas kuli ash weniweni wa m'gulu la Fraxinus, womera m'zitunda za miyala ya laimu, amene anthu ena amamutchanso mountain ash, ndipo ameneyo kachilombo kaja kangamugwire.

Chimphona cha ku Australia

Eucalyptus regnans amamera m'mapiri a mvula yambiri ndi nthaka yakuya ku Victoria ndi ku Tasmania. Ferdinand von Mueller ndi amene anamufotokoza mwasayansi m'chaka cha 1871. Azungu oyamba kucheka matabwa ake anaona kuti ndi oyera ndi owongoka ngati a ash wa kwawo, dzina n'kukhazikika ku Victoria, pamene ku Tasmania amamutcha swamp gum. Pamsika matabwa omwewo amagulitsidwa ndi dzina loti Victorian ash kapena Tasmanian oak, ngakhale si ash ndiponso si oak.

Mtengowu uli m'gulu la mitengo yaitali kwambiri padziko lapansi, ndipo pakati pa mitengo yochita maluwa ndi umene wakhala ukudziwika kuti ndi wautali koposa. Umodzi wotchedwa Centurion, umene unapezeka ku Tasmania mu 2008, unayezedwa mamita 99.6 panthawiyo ndipo mu 2018 muyezo wina unapereka mamita 100.5. Moto wa mu 2019 unawotcha tsinde lake koma sunaphe mtengowo. Cha m'ma 1880 mtengo wina wa ku Thorpdale ku Victoria unayezedwa mamita 114, kutalika kofanana ndi kwa mitengo yaitali ya redwood ya ku California.

Amene anadulapo bulugamu kwathu kuno amadziwa kuti chitsa chake chimaphukanso mphukira zambiri. Mitundu yambiri ya bulugamu imachita chimodzimodzi ikapsa ndi moto, chifukwa ili ndi maso ophukira obisika pansi pa khungwa kapena m'chotupa cha patsinde. Mountain ash alibe chotupa chimenechi, ndipo khungwa la kumtunda kwa thunthu lake ndi lopyapyala, moti moto waukulu umamupha. Njira yake yopitirizira mtundu ndi njere. Tizipatso take touma, tolimba ngati mtengo, timasunga njere pamwamba m'nthambi, ndipo moto ukadutsa timatseguka n'kukhuthulira njere mamiliyoni pa nthaka imene tsopano ili ndi phulusa lachonde, kuwala kokwanira ndiponso yopanda zomera zopikisana nazo. Mbande zimamera mothithikana n'kumakula kupitirira mita imodzi pa chaka, zofooka n'kumafa, moti nkhalango yonse imakhala ya mitengo ya msinkhu umodzi. Nkhalango zambiri za ku Victoria lero zinabadwa pambuyo pa moto wa pa 13 Januwale 1939, umene unawotcha mahekitala pafupifupi 2 miliyoni ndi kupha anthu 71.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Mtengo umafuna zaka pafupifupi 20 kuti uyambe kubala njere zokwanira, choncho moto wachiwiri ukabwera nthawiyo isanakwane sipakhala njere zoti zigwe, ndipo malowo amalandidwa ndi mitengo ya mthethe ya kumeneko ndi zitsamba. Nyama nazo zimafuna nthawi yaitali kuposa pamenepo. Mphako zimayamba kupangika m'mitengo imene yapitirira zaka 120, ndipo kanyama kotchedwa Leadbeater's possum, kamene ndi chizindikiro cha boma la Victoria, kamagona ndi kuswana m'mphako zimenezi. Kanyamaka kanasowa kwa zaka zoposa 50 mpaka anthu kuganiza kuti kanatha, koma kanapezekanso mu 1961 pafupi ndi Marysville. Moto wa pa 7 Febuluwale 2009, umene unapha anthu 173, unawotcha gawo lalikulu la malo ake, ndipo mu 2015 boma la Australia linakaika pa mndandanda wa nyama zimene zili pangozi yaikulu yotheratu.

Nkhani ya madzi ndi imene ingawakhudze kwambiri owerenga a kwathu, popeza nafenso timatsutsana kawirikawiri zoti bulugamu amaumitsa madambo. Mzinda wa Melbourne umamwa madzi ochokera m'mapiri amene mbali yaikulu ndi nkhalango za mountain ash. Katswiri wa za madzi George Kuczera, atasanthula kayendedwe ka mitsinje pambuyo pa moto wa 1939, anasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti nkhalango yakale ikapsa n'kumeranso, madzi a m'mitsinje amatsika, mwina mpaka theka, ndipo amafika potsikitsitsa pakapita zaka 20 mpaka 30, kenaka amabwerera pang'onopang'ono m'zaka zoposa 100. Chifukwa chake n'chakuti mitengo yaing'ono yothithikana, imene ikukula mofulumira, imamwa madzi ambiri pa hekitala kuposa mitengo ikuluikulu yochepa ya m'nkhalango yokhwima. Zimenezi zikusonyeza kuti kumwa madzi kwa nkhalango kumadalira msinkhu ndi kuthithikana kwa mitengo, osati mtundu wokha. Nkhalango zokhwimazi zimasunganso kaboni wambiri zedi, ndipo kafukufuku wa akatswiri a ku Australian National University mu 2009 anapeza matani pafupifupi 1,900 pa hekitala m'dera la O'Shannassy, chiwerengero chimene chili m'gulu la zapamwamba kwambiri padziko.

Pa mfundo zimenezi ndi pamene panagona mkangano wa kudula mitengo. Asayansi monga David Lindenmayer, amene wafufuza nkhalangozi kwa zaka makumi angapo, akhala akunena kuti kudula kumachepetsa mitengo ya mphako ndiponso kumasiya nkhalango yaing'ono imene imapsa moopsa. Ogwira ntchito ya matabwa, pamodzi ndi akatswiri ena a nkhalango, amayankha kuti dera limene linkadulidwa pa chaka linali laling'ono, kuti linkafesedwanso, kuti nyengo yotentha ndi youma ndi imene imalamulira kuopsa kwa moto, komanso kuti kuletsa kudula kumapha ntchito m'matauni ang'onoang'ono n'kuchititsa dziko kugula matabwa kunja. Boma la Victoria linali litakonza zosiya kudula mu 2030, koma pambuyo pa zigamulo za makhoti zimene zinaimitsa ntchitoyi m'madera ambiri linalengeza mu 2023 kuti lisiya poyambira pa 2024. Ku Tasmania kudula mitengo yachilengedwe kukupitirirabe.

Kusiya kudula sikuchotsa vuto la moto wobwerezabwereza. Mitengo imene inamera pambuyo pa moto wa 2009 ikungoyandikira kumene msinkhu wobala njere zokwanira. Pambuyo pa moto wa 2019 ndi 2020, umene unapsereza nkhalango zina zisanakhwime, boma la Victoria linachita kufesa njere za mountain ash ndi za m'bale wake alpine ash pogwiritsa ntchito ndege ndi helikopita, ndipo njerezo zimayenera kutoledwa ndi anthu okwera pamwamba pa mitengo yokhwima m'zaka zimene yabala bwino, n'kusungidwa m'nkhokwe podikira moto wotsatira.